Kampope ka Mphumu Kupita ku Ntchisi

Ndinanyamuka pa Msakambewa Loweruka m'mamawa, kumaso kosasamba bwino, kampope ka mphumu kali m'chikwama. Mlongo wanga Yosefe anakaiwala pazenera atabwera ku chinkhoswe. Iyeyu amasamalira mahatchi pa famu ina kumapiri a Ntchisi, ndipo masana a tsikulo amayenera kukwera hatchi pa mpikisano koyamba. Munthu wa mphumu, mwezi wa Okutobala, foni yake osagwira! Mtima wanga unali m'mwamba.

Ndinakwera lole ya matola yodzaza matumba a soya. Tisanapite patali kunja kunachita mbuu. Osaka mbewa anali atatentha tchire mbali zonse za msewu, utsi uli tolotolo. Mayi wina amene tinakhalira thumba limodzi anatsokomola mpaka misozi, komabe titaima pa Nachisaka anagula mpani wa mbewa.

"Utsi tapuma kale, nanga ndiwo tizisiyenso?" anatero akutafuna.

Lole inafera pomwepo. Dalaivala analowa pansi pake ngati sadzatulukanso, ine ndikungozungulira, kukhala osakhazikika. Dzuwa litafika pamutu ndinaitana njinga yamoto. Wakabaza anatchula K8,000, ine ndinangokwera osanenerera, zimene sindinachitepo chibadwire.

"Mayi, mukuthamangira maliro?" anandifunsa.

"Ndikuthamangira kuti asachitike. Pondani, achimwene!"

Tinakwera zitunda, fumbi likulowa mpaka m'mano. Ineyo pachifuwa panandithina, tsono ndinkangoganiza za Yosefe ali pamsana pa hatchi. Ndinachita mantha kwabasi.

Tinafika pa famu dzuwa litapendeka. Kunali zii, kopanda woonerera ndi mmodzi yemwe. Akapitawo, bambo wamtali wa chipewa chamlaza, anandilonjera pageti n'kundiuza kuti mpikisano aimitsa.

"Lamulo lathu n'limeneli, mayi. Ukaima pakhola n'kulephera kuona phiri ilo, hatchi sithamanga, ngakhale yongophunzitsa. Mapapo ake sachedwa kuwonongeka."

Ndinayang'ana kumene amaloza, phiri osaoneka. Mahatchi onse anali m'khola, mazenera atatchinga ndi masaka onyowa, udzu wawo atauwaza madzi kuti usachite fumbi.

"Nanga Yosefe ali kuti?"

"Akusalaza bwalo, mwina mawa kunja kuyera."

Ndinamupeza pakati pa bwalolo, utsi ndi fumbi zili thoo, atatsamira reki, pachifuwa pakulira ngati wezulo. Moni anakanika kundiyankha. Ndinamupatsa kampope, anapopa kawiri, ndipo mawu anabwera.

"Achemwali, mwavutikiranji? Lerotu sitithamanga."

Ndinapsa mtima. Ndinafunsa akapitawo ngati lamulo lawolo limakhudzanso anthu. Anakanda kumutu, nati za anthu abwana sananenepo.

Paulendowu ndaona kuti mpweya woipa anthu amaudziwa ndithu, koma amasankha wouthawitsa. Ndinamulanda reki Yosefe, n'kumugwira dzanja, kukamukhazika m'khola pakati pa mahatchi, poti pa famu yonseyo malo opumira bwino anali amenewo.