Chifuwa cha Amayi

Amayi ankagulitsa mandasi pamsika wa Kawale. Chaka chomwe anawapeza ndi vuto la mtima, miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi a BP, akuti amapeputsira mtima ntchito. Kutupa kunaphwa. Koma kunabwera chifuwa chouma, chopanda makhololo, chosatha.

Masiku amenewo munthu ukatsokomola nthawi yaitali anthu sankafunsa, ankangoyang'anana. Makasitomala anayamba kulambalala beseni la amayi. Kondakitala wina pasiteji anandiuza kuti, "Aise, masteniwo akayezetse magazi, asatipatsire." Ndinam'phula chibakera pakamwa, koma makasitomala sanabwerere.

Kenako chifuwa chinaleka. Ndinasangalala, mpaka m'mawa wina nditawaona akulephera kusenza beseni, akupuma wefuwefu. Miyendo inali itatupanso.

"Amayi, mapilitsi aja mukumwa?"

"Ndinasiya. Ndi omwe amanditsokomoletsa. Mandasiwa ndizigulitsa kwa ndani, kwa iweyo?"

Tinakwera minibasi tsiku lomwelo. Polowa kwa dokotala ndinayamba ndi kukalipa kuti anawapatsa mankhwala olakwika.

"Achimwene, khalani pansi kaye," anatero dokotalayo, mayi wa magalasi. Anakanikiza chala pakakolo pa amayi, panatsala kadzenje. Anafotokoza kuti pali mitundu iwiri ya mankhwala yomwe imathandiza mtima mofananako. Woyamba, womwe amayi ankamwa, ndi umene amayambira ndipo umapezekapezeka, koma ena umawatsokomoletsa. Wachiwiri sutsokomoletsa kawirikawiri, kungoti ngosowa. "Osamwa yonse iwiri pamodzi, impso zingavutike. Komanso osasiya nokha, Amayi. Mukanabwera kudzatiuza."

"Ndimaopa kuti munena kuti ndi matenda a masiku ano ajawa," anayankha amayi, maso ali pansi.

Dokotala anatilembera wachiwiriwo, koma pawindo lolandirira mankhwala panalibe. Ndinayenda m'mafamase a m'tauni ndi kapepala m'manja, thukuta kamukamu, ndikuganiza za mpweya wa amayi. Ndinaupeza kwa mmwenye wina, wodula kwambiri. Otsala akale aja ndinakataya m'chimbudzi kuti asasakanize.

Chifuwa sichinabwerenso, ndipo pang'ono ndi pang'ono beseni linayamba kutha masana asanakwane. Koma ine mtima sunakhale pansi. Paketi ikamatha ndinkaopa kuti ndikapeza kulibe. M'mawa uliwonse, asananyamuke, ndinkagwada n'kukanikiza chala pakakolo pawo.

"Iwe, mafuta akupsa," ankatero, koma mwendo sankauchotsa.