Titsitsi khumi ndi tiwiri ta Aphunzitsi

Alamu anga ndi ometa, ndipo mumsewu mwathu aliyense amawatchula kuti a Chipeso. Ine ndimasoka zovala kuseri kwa khoma lawo, khoma la matabwa opyapyala, choncho ngakhale akayetsemula ndimamva. Akhala akumeta anthu zaka makumi atatu opanda wotchi. Kale ankayeza nthawi ndi wailesi: nyimbo zinayi zikatha, mutu watha.

Zinthu zinasokonekera mwana wawo wamkazi atawatumizira foni yaikulu yokhala ndi pulogalamu yoonera mafilimu pa intaneti, ija umasankha wekha choonera nthawi imene wafuna. Anaiimika pansi pa galasi, pakati pa botolo la sipiriti ndi chitini cha paudala, n'kuyamba kutsatira sewero la magawo mazana awiri. Linali la namwino wina amene amuna awiri ankamulimbirana, dokotala ndi woyendetsa ambulansi. Lamulo latsopano linali lakuti gawo limodzi, mutu umodzi.

Tsoka lake, pulogalamuyi ilibe mwambo. Gawo likatha imawerenga mpaka faifi n'kuyambitsa lina yokha, ndipo dzanja la alamu anga nalo linkangopitiriza. Munthu wobwera kuti amuchepetse m'mbali ankatuluka ndi mpala wonyezimira. Pofika mwezi wachiwiri amuna onse a mumsewu mwathu ankafanana mitu ngati mazira, ndipo wogulitsa zipewa anagula njinga.

Ndinalephera kupirira. "Alamu, pali kabatani koimitsira. Mukadina kamodzi, anthuwo amakudikirani."

"Mlamu, munthu akulankhula sumamudula pakamwa," anandiyankha. "Mwana wa eni akulira, ine ndimuumitse chifukwa cha mutu wa kondakitala?"

Ndi munthu waulemu choncho. Foni ikalemba kuti kodi mukuonerabe, amaiyankha mokweza kuti, "Eya bambo, tikadali pano, zikomo pofunsa."

Kasitomala mmodzi yekha ndi amene ankapulumuka: Aphunzitsi, mnzawo wa kuubwana, amene anapuma ntchito kalekale. Ali ndi dazi kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, koma pamwamba pa khutu lakumanzere panatsala titsitsi titalitali khumi ndi tiwiri. Loweruka lililonse a Chipeso ankatitsuka, kutidzoza mafuta, n'kutiwolotsa kamodzikamodzi pamwamba pa dazilo mpaka kukhutu linalo. Aphunzitsi ankatiwerenga pagalasi ngati akuitana mayina m'kalasi. Ife tinkasekera m'manja, koma iwo ankadziona kuti ndi munthu wa tsitsi, ndipo padziko lonse mnzawoyo yekha ndi amene ankawathandiza kukhulupirira zimenezo. Akangokhala pampando, foni inkagonekedwa chafufumimba.

Koma Loweruka lina linakumana ndi gawo lomaliza. A Chipeso atafuna kuigoneka foniyo, Aphunzitsi anawagwira mkono.

"Isiyeni, achimwene. Ine ndili mbali ya wa ambulansi. Ndikufuna ndikuoneni nkhope dokotala wanuyo akamakanidwa."

Ndinkamva zonse ndikupinda siketi. M'seweromo, namwino anaima pakhomo la tchalitchi atavala zoyera, magalimoto awiri n'kufika pamodzi. Alamu anga anali atanyamula titsitsi tija ndi zala ziwiri kuti adule kunsonga kokha. Namwino anatembenuka kuti atchule dzina. Ndinamva sizasi ikulira kamodzi, kenako zii.

Ndinathamangira komweko. Titsitsi tonse khumi ndi tiwiri tinali titagona pa nsalu yoyera ya pachifuwa pa Aphunzitsi. Alamu anga anatambasula chala n'kudina kabatani kaja, koyamba m'moyo wawo. Namwino anauma kukamwa kuli yasa, kutatsala mphindi ziwiri kuti sewero lithe.

Aphunzitsi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatola titsitsito kamodzikamodzi, kutikulunga m'kampango, kuika m'thumba la malaya n'kutuluka osatsazika.

Loweruka lotsatira sanabwere. Linalo sanabwerenso. Foni inakhala chiimire pamalo pomwe paja. Alamu anga ankaitchaja m'mawa uliwonse ndi kuipukuta fumbi, koma osaidina. Makasitomala anachonderera, koma iwo anakana. Kondakitala wina anati iye anaonera kale ndipo awauza mathero ake, iwo anamuthamangitsa ndi thaulo mpaka pamsewu, mutu utametedwa mbali imodzi. Tsitsi linayamba kumeranso mumsewu mwathu, wa zipewa n'kuyamba kudandaula kuti malonda afa. Koma alamu anga anasiya kuimba likhweru, ndipo Loweruka ankangoyang'ana pakhomo. Ine amene ndinkawaseka kwambiri ndinawamvera chisoni mpaka mtima kuwawa.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinamva mpando ukulira kulira kwake kodziwika. Ndinasuzumira. Aphunzitsi anali atakhala, chipewa chili pamwendo, mutu wonse uli mbee. Ngakhale tizitsa ta titsitsi tija anali atatimeta okha. Anayang'ana foni n'kufunsa:

"Mwamaliza?"

"Ayi."

"Milungu yonseyi mtsikanayu ali kukamwa yasa? Sizimulowa ntchentche?"

"Tinayamba gawoli tili awiri," anatero alamu anga, akuyang'ana pansi.

Aphunzitsi anakanda dazi lawo. "Mdzukulu wanga anafuna kundionetsa pa foni yake. Ndinamuuza kuti ndili ndi koonera kwanga." Kenako anandiona pakhomo. "Mayi, tengani sizasiyo mukaisunge kwanu."

Ndinaitenga, ndinatenganso makina ndi lumo, kuopa zina. Alamu anga anakoka benchi ya makasitomala n'kukhala pafupi ndi mnzawo. Panalibe choti amete, komabe anawafunditsa nsalu yoyera ija n'kuimanga bwinobwino kukhosi.

"Dinani nokha, Aphunzitsi," anatero. "Ine dzanja langa silikhulupirika."