Baji yabodza

Mayi anga ankasoka mayunifolomu pakhonde pathu ku Biwi, ndipo panali ntchito imodzi imene sankailandira: kusokerera baji ya sukulu pa malaya a mwana wosaphunzira kumeneko. Ana ena ankatero kuti azilowa m'madisiko a sukulu za eni. "Pano sitisoka bodza," ankayankha mayi, phazi lili pa makina. Akaipeza baji yotere pa chovala chobwera kudzakonzedwa, ankaichotsa ndi lezala osafunsa mwini wake.

Madokotala atawapeza ndi khansa ya m'bere, mayi anakana opaleshoni. Anzawo a kumsika anawauza kuti chotupacho n'choponyedwa, ndipo mpeni ukachikhudza chimalusa. Ine ndinalalata, ndinalira, ndinanyanyala chakudya masiku awiri. Iwo ankangoti, "Watha? Tandipatsa sizasi." Ndinkawakonda mayi aja, koma makani awo ankandiwiritsa mutu.

Loweruka lina achemwali anga aakulu, amene ankagwira ntchito yoyeza matenda mu labu, anabwera kuchokera ku Area 25. Sanakalipe ngati ine. Anakhala pansi n'kuyamba kusokerera mabatani.

"Amayi, palibe wakuponyerani," anatero. "Thupi lathu lapangidwa ndi tizidutswa tating'ono, maselo. Lililonse limavala chovala chamafuta ndi shuga, ife timati gangiliyosaidi. Muubongo ndi m'mitsempha zimenezi zimathandiza kuti uthenga uziyenda bwino. Koma maselo ena akalowerera, amamatapo kanthu kakang'ono pa chovala chija. Asilikali a m'thupi amangowadutsa, ndipo ikakwana nthawi yoti afe, iwo safa."

Makina anaima.

"Ndiye kuti ndi anga omwe?"

"Anu omwe, amayi."

"Avala baji yabodza? M'thupi mwanga muno?"

Achemwali anagwedeza mutu. Mayi anatsonya monga ankachitira ndi ana a madisiko aja. Ine ndinapsa mtima pang'ono: masabata atatu ndikubwebweta, wina n'kungofika ndi mabatani basi zatheka.

Tsiku lopita kuchipatala anaphimba makina ndi chitenje, n'kutiuza kuti pasapezeke wowagwira mpaka atabwerako. Mu minibasi anandigwira dzanja. Mantha ndinali nawo, osanama.

Anamwino atabwera kudzawatenga, mayi anamasula mfundo ya pachitenje n'kundipatsa lezala yawo ija, yokulunga m'kapepala.

"Ndisungire," anatero. "Koma uwauze adokotalawo achotse bwinobwino. Asasiyepo ndi kaulusi komwe."