Tengani Chonse

Pochoka kwathu ku Nyasalande kutsatira amuna anga ku Lusaka, mayi anandimangira nthanga za maungu pakansalu. Sizinali zambiri, zongodzaza chikhatho chimodzi. Dzungu la mayi linali la khosi lalitali, lofiira mkati, laufa moti ukadya wopanda madzi pafupi linkakutsamwa. Anati, "Kumene ukupitako ukadzandisowa, udzaphike ili."

Tinkakhala ku Matero, m'nyumba za mizere zofanana zokhazokha. Nthawiyo azungu anali akulamulabe, ndipo amuna anga ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye m'tauni. Mvula yoyamba itagwa ndinabzala nthanga zonse kuseri kwa nyumba, pamene ndinkatayira phulusa. Osasungako ngakhale imodzi. Unali utsikana umenewo, ndipo mayi akanaona akanandikoka khutu.

Zinamera bwino. Pofika pa Khirisimasi maungu anali atayanga mpaka kumpanda wa nkhadze, masamba ake aakulu ngati mbale. Ine ndiwo ndinkakagula kumsika, koma nkhwani wangawo osaukhudza. Ndinkafuna maungu, ndipo koposa ndinkafuna nthanga zobzala chaka chinacho. M'mawa uliwonse ndinkawerenga timaungu tanthete ndi maso okha, poti kwathu amati ukaloza dzungu ndi chala limafota.

Chinyanja cha m'tauni chinkandizunguza mutu. Anthu ankayankhula mothamanga, mawu ena achibemba, ena achizungu, ndipo ine wonyada sindinkafuna kuoneka wakumudzi pofunsafunsa. Ndikapanda kumva ndinkangomwetulira n'kuvomera.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala mayi wina wa Chibemba, wamkulu kwa ine, wa ana asanu ndi mawu omveka mzere wonse. Ankanditchula kuti ba Nyasa. Tsiku lina ndikutseka chitseko kuti ndipite kusikelo, poti ndinali ndi pakati, anandiitana.

"Ba Nyasa, nipempako chibwabwa."

Chibwabwa? Ndinayang'ana pakhomo n'kuona chitini changa chotungira madzi, chophwanyika m'mbali, chomwe madzi ankachita bwabwabwa ukachisenza. Ndinati basi, n'chimenechi, ndipo ndinadzitama mumtima kuti chitauni ndayamba kuchimva.

"Tengani, mayi," ndinatero.

"Nitenge chingono chabe?"

Ndinaseka. Chitini n'kutenga pang'ono? "Tengani chonse. Ine chimangonditopetsa."

Pobwera masana ndinapeza chitini chili pomwe ndinachisiya. Ndinazungulira kuseri kukaona maungu anga. Masamba onse anthete anali atapita, nsonga zonse zothyoledwa, chiluwe chomwe, ndi timaungu tanga tija. Mayiyo atamva kuti chonse, anaitananso anzake awiri kuti andithandize kuchotsa chinthu chonditopetsacho. Mzere wonse unkanunkhira nkhwani wotendera.

Ndinakhala pansi pa phulusa pomwepo n'kulira mokweza ngati pamaliro. Mayiyo anabwera akuthamanga, m'manja muli mbale ya ndiwo zomwe anandipatulira.

"Ni chani, ba Nyasa? Mwana?"

"Nkhwani wanga! Maungu a mayi anga!"

"Nkhwani ni chani?"

Ndinaloza nthambi zotsalazo. Iwo anayang'ana ine, n'kuyang'ana mbale ija. "Ichi ndiye chibwabwa. Si munakamba mweka ati tengani chonse?"

Nditawalozera chitini, anayamba kuseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anadzigwira pakamwa. Ndinawafotokozera za kansalu ka mayi, ndi kuti ndinalibe nthanga ina ngakhale imodzi. Anaika mbale pansi n'kupita. Ndiwozo sindinadye. Amuna anga ndiwo anazimaliza madzulo, akuziyamikira kuti anthu a kumpoto nsinjiro amaidziwa, ndipo ndinawakwiyira masiku awiri.

Masamba anaphukanso, koma mbewuyo inali itabwerera m'mbuyo. Mvula inachuluka, timaungu tatsopano tinkangochita chikasu n'kugwa. Pofika mwezi wa Malichi ndinali nditataya mtima. Kwathu kunali kutali, ulendo wa masiku pa basi kudzera ku Fort Jameson, ndipo ndinkachita manyazi kulembera mayi kuti mbewu yawo ndinaipereka ndekha ndi pakamwa panga. Ine ndi mayi a kuseri aja tinkangopatsana moni wouma pampopi.

Mvula itatha, ine mwana ali kumanja, m'mawa wina ndinamva "Odi, ba Nyasa!" Anali iwo, atasenza chinthu chokutidwa ndi chitenje. Anachitula pakhomo n'kuvundukula. Dzungu la khosi lalitali, lalikulu ngati mwana wanga wakhandayo.

Nthambi imodzi inali itadutsa pansi pa nkhadze n'kukabereka kwawo. Iwo analiona likadali kanthete, analiyalira udzu pansi, n'kulivundikira ndi dengu lakutha kuti nkhuku ndi ana asaliwononge. Miyezi yonseyo osandiuza, kuopa kuti lingafote n'kundiliritsa kachiwiri.

"Bana banga nenze nabauza ati uyu ni mwana wa ba Nyasa, wamene azamugwira azaniona," anatero.

Ndinalikanda ndi chikhadabo, chosalowa. Linali litakhwima ndithu. Ndinalira kachiwiri ndithu, koma uku ndikuseka.

Tinaliphika limodzi tsiku lomwelo. Ndinalidula ndi chikwanje cha amuna anga, n'kukokolola nthanga ndi dzanja, kuziyanika palichero ndisanachite china chilichonse. Theka tinaliphika m'zidutswa ndi makoko ake, timadzi pang'ono pansi pa mphika, pamwamba n'kuvundikira masamba kuti lipse ndi nthunzi. Iwo ankafuna kuthira madzi ambiri, ndinawagwira dzanja. Theka linalo ndinalisenda n'kupanga futali, kuthira nsinjiro ndi kamchere, kutakasa mpaka kulimba. Ana awo asanu anakhala bwalo pakhonde panga, ndipo wamng'ono anatsamwa, monga mwa dzungu la mayi. Ndinakhuta tsiku limenelo kuposa masiku onse chifikireni ku Lusaka.

Nthanga zitauma ndinazigawa pawiri, zina zanga, zina zawo. Iwonso anagawira anzawo awiri aja, ndipo patapita zaka zochepa mzere wonse unali ndi dzungu la ba Nyasa.

Mayi anga atamwalira, mng'ono wanga analemba kalata kuti kumudzi mbewu ija inatha, mbewa zinadya nthanga zonse m'chikwatu. Chaka chimenecho maungu anga anali asanakhwime, choncho ndinapita kumpanda kukaitana.

"Mayi, ndikupemphako nthanga za chibwabwa. Ndikufuna nditumize kwathu."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha nthanga chodzaza mpaka pakamwa. Ndinati nditapeko pang'ono chabe. Anandikankhira chitinicho pachifuwa.

"Tengani chonse, ba Nyasa."