Magazi anga ndi mlandu wa bambo a Chisomo

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene abale anga anathamangitsa mwamuna wanga, bambo a Chisomo. Chibadwire mwanayo ndinali wofooka, nkhope yotupa, wozizidwa ngakhale mu Okutobala, ndipo mkaka sunabwere n'komwe. Azakhali anati ndi mdulo, mwamuna anayenda ndi mkazi wina ine ndili m'chikuta. Iye analumbira mpaka misozi, koma mkamwini mawu ake sapita patali.

Ndinafikira ku KwaThema, n'kupeza ntchito yokolopa m'nyumba yosungiramo katundu ku Jet Park. Ndinkatumiza kangachepe kumudzi, ndipo mawu a Chisomo pafoni ndinkawamvera mobwerezabwereza. Kusungulumwa kunandidya, sindibisa. Tsiku lina kapitawo anandipeza ndikusinza chiimire, mopu uli m'manja, ndipo anandilamula kupita kuchipatala.

Ndinauza adokotala, omwe anali mayi, kuti asavutike ndi chithokomiro, kwathu anayeza kale n'kupeza kuti chili bwino. Mayiwo anafunsa kuti anayeza chiyani kwenikweni. Kenaka anafunsa chimene palibe anandifunsapo: ngati ndinataya magazi ambiri pochira. Ndinataya, mpaka kundiwonjezera ena.

Zotsatira zitabwera ndinawapanikiza ndi mafunso, poti ine sindimeza chinthu osatafuna. Anati TSH, imene anayeza kwathu ija, ndi uthenga wochokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo, wolamula chithokomiro kugwira ntchito. Yanga inkaoneka yabwinobwino, koma T4, imene chithokomirocho chimatulutsa, inali yotsika kwambiri. Kachiwalo kaja kanavulala ndi kutaya magazi, ndiye kankalamula monong'ona. Anayezanso timadzi tina ta m'thupi ngati timeneti, totchedwa mahomoni, asanandipatse mapiritsi.

"Ndiye mwamuna wanga sizikumukhudza?"

"Mwamuna wanu? Ayi mayi, ngakhale pang'ono."

Nditabwerera kumudzi, thupi litabwereramo, ndinayembekezera kuti anthu achita chidwi ngati ine. Azakhali anangoyamikira kuti ku Joni kwandiyanja. Amalume anati nkhani inatha kale, kuifukula n'kudzichotsera ulemu. Zinandiwawa kuona kuti kwathu matenda akapeza womuloza chala, palibenso amene amafunsa.

Bambo a Chisomo ndinakawapeza kwawo, ali ndi mkazi wina. Anamvetsera zonse, maso ali pansi, osandidula.

"Mubwerenso Lamulungu, amayi anga akakhalepo," anatero. "Ine ndinazolowera. Iwowo ndi amene mpaka lero sapita kuchitsime anthu ali pomwepo."