Mzere Wachiwiri wa a Tcheyamani

Pa chipatala chaching'ono cha kuseri kwa depoti ya mabasi, mayi woyeza kachilombo ka chimfine ankadziwika ndi dzina loti a Nkhono. Dzinali linabwera chifukwa cha kuchedwa, ndipo eni ake sankalikana. Anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi patebulo limodzi logwedera mwendo, ndipo ana awo atatu anaphunzira sukulu chifukwa cha mphuno za anthu.

Ntchitoyo inali yopisa kathonje m'mphuno, kukatakasa m'kabotolo, kudontheza madontho atatu pa kapulasitiki koyezera, kenako kudikira. Mzere umodzi, kachilombo sikanaoneke, iwiri, kalipo. Pepala la m'bokosi linkati dikirani mphindi khumi ndi zisanu. Koma kulikulu kunachokera kalata yoti odwala asamafike mpaka pageti podikira, chifukwa zikuchititsa manyazi. Anzawo anamva msanga: pakatha mphindi zisanu ankasuzumira, n'kuuza munthu kuti pitani muli bwino. Chiwerengero cha odwala chinatsika, ndipo kulikulu anaomba m'manja.

A Nkhono okha ankaikabe wotchi patebulo. "Kachipangizoka n'kaulesi kale," ankatero. "Mwa anthu khumi amene makina a ku labu awapeza ndi kachilombo, iko kamagwira asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Ndiye tizikathamangitsanso?" Munthu wotsokomola akapezeka ndi mzere umodzi, ankamuuza kuti abwerenso mkuja.

Makalata awiri owachenjeza anawapinda bwino n'kuchirikizira mwendo wa tebulo. Yachitatu inawaitanira ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo aliyense ankadziwa kuti ntchito yatha.

Tcheyamani wa komitiyo, bambo wa tayi yofiira, anawerenga mlandu akufwenthera pa mpango.

"Mayi, tionetseni chimene chimakudyerani nthawi."

A Nkhono anatulutsa zoyezera m'chikwama. "Ndibwerekeniko mphuno, bwana."

Bwana analola, misozi ili lengelenge pamene kathonje kankazungulira. Patatha mphindi zisanu panali mzere umodzi.

"Mwaona? Ndi fumbi la mumsewu ili. Mlembi, lembani."

"Khalani pansi, bwana. Ntchito imene ikupitayi ndi yanga. Inu mphindi khumi sizikuphani."

Anakhala. Mlembi anafunsa ngati kudikirako akulembenso, ndipo anauzidwa kuti ayi. A Nkhono anapinda manja, podziwa kuti kachipangizo kaulesi kakhoza kusankha lero lomwe kuwachititsa manyazi.

Pa mphindi ya khumi ndi zitatu mzere wachiwiri unayamba kutuluka, wopyapyala ngati ulusi wa kangaude. Mamembala ena awiri a komitiyo anakokera mipando kumbuyo mwaulemu, pang'onopang'ono, mpaka anagunda khoma.

"Wosaoneka bwinowu umawerengedwanso?" anafunsa a tcheyamani.

"Mwana ngakhale achepe, ndi mwana, bwana."

A tcheyamani anayang'ana kapulasitiki kaja nthawi yaitali. "Mawa ndimati ndikaone amayi. Ali ndi mphumu."

"Mukawaimbire foni. Mukawaona sabata yamawa, ali moyo."

Chigamulo sichinasainidwe tsiku limenelo, chifukwa panalibe wofuna kugwira cholembera cha a tcheyamani. Patapita milungu iwiri kunabwera kalata yonena kuti, pambuyo pa kafukufuku wozama, likulu latulukira kuti zotsatira ziziwerengedwa pakatha mphindi khumi ndi zisanu, ndipo ogwira ntchito onse aphunzitsidwe njira yatsopanoyi. Wophunzitsa anasankhidwa kukhala a Nkhono.

Anawerenga kalatayo mpaka pansi, osathamanga, kenako anaitana wodwala wotsatira.