Mapiri a Pakhoma la Malume

Amene anandilakwira ndi malume, mlongo wawo wa mayi anga. Ankauza anthu kuti mapiri amene ndinajambula pakhoma la shopu yawo yometera ku Mabvuku, mu Harare, ndi a ku Nyanga, m'dziko lomwe lino.

Kupenta ndinaphunzira kwa bambo ena a ku Tete, olemba zikwangwani, nditasiya sukulu chifukwa cha ndewu. Tsiku loyamba ndinathamangira phiri lakuda lapafupi. Iwo anaseka. "Iwe, mlendo wochokera kutali ndiye amayamba kusamba m'manja. Yamba ndi lakumbuyo, ulithire penti woyera mpaka lichite ngati likufuna kuthawa." M'mawa ankandiimika pamsewu, fumbi la simenti litakuta zitunda: chapafupi chakuda bii, chinzake chotuwa, chakutali ngati utsi. Phiri lililonse linkayenera kuuma lisanabwere linzake. Ine kudikira sindidziwa. Maburashi ndinathyolapo ndithu.

Mapiri a pakhomalo ndinawatenga m'kamwa mwa mayi. Anachoka ku Dedza ali kamtsikana, kubwera kumafamu a kuno, ndipo ine sindinapondeko. Ankafika kushopu ndi dengu lawo la tomato, n'kukhala pabenchi, n'kutsinzina. "Lakumanzerelo litsitse phewa. Kuseri kwake kuli lina, limaoneka mvula ikakata basi." Ndikamapenta, makina ometera ankamveka kutali ngati njuchi, makombi onyamula anthu pamsewu ngati mtsinje. Nthawi zina nkhungu ya kumeneko inkandizizira m'zala, dzuwa la Harare lili phwee.

Khoma litauma, makasitomala anayamba kufunsa. Malume salankhula Chichewa kushopu, amaopa kunenedwa kuti ndi obwera. Ankayankha m'Chishona: "KuNyanga uko, kumusha kwedu." Kutanthauza kuti ndi ku Nyanga, ndipo kumudzi kwathu ndi komweko. Tsiku lina anatero mayi ali pomwepo. Mayi anayang'ana pansi, n'kusenza dengu lawo, ndipo pabenchipo sanakhaleponso.

Loweruka lina shopu itadzaza, wina anafunsanso. Dzanja langa linali kale pachitini cha penti wakuda, ndinkafuna kukhuthulira khoma lonse. Ndinachisiya. Ndinaima pakati pa malume ndi galasi, n'kulankhula m'Chichewa, mokweza kuti onse amve:

"Malume, ku Nyanga munapitako liti? Mchombo wanu unagwera kuseri kwa phiri lotuwali. Ngati mukuchita nalo manyazi, ndiuzeni m'Chichewa, ndilifufute."